Zithunzi zachimbuuzi mukatsuka nokha filimu ya black and white: vuto limabisala pati?

Filimu yauma, mwaidula, mwaisikana, koma chimene chatuluka pa kompyuta chikukugwetsani ulesi. Tsitsi la munthu laphatikana, zilembo za pachikwangwani zikuwerengeka movutikira, masamba a mtengo angosakanikirana. Mwatsuka filimu ina, zomwezonso. Zikafika apa ambiri amathamangira kusintha developer, mankhwala amene amatulutsa chithunzi pa filimu. Amasiya D-76 n'kugula Rodinal, Rodinal akawagwiritsa fuwa la moto amakasaka Xtol, mpaka mabotolo kudzaza pashelefu, chimbuuzi chili pomwepo.

Developer ali nayo mbali yake ndithu, ndipo tikhalitsapo pa nkhani yake. Koma si woyamba kumuloza chala. Chimbuuzi chimatha kulowa mu kamera pojambula, m'thanki potsuka, kapena pa sikana ndi pa enlarger (makina okulitsira chithunzi pa pepala) potulutsa chithunzi. Kulikonseko kuli ndi kakonzedwe kake, ndipo mboni imene inalipo konseko ndi negetivu, filimu yotsuka kale ija, pamene zoyera zimaoneka zakuda ndipo zakuda zimaoneka zoyera.

Funsani kaye negetivu

Ikani negetivu pa chinthu chowala mofanana paliponse. Ngati mulibe tebulo lounikira manegetivu, tsegulani tsamba loyera pa foni, koma negetivuyo muikweze pang'ono kuti timadontho ta sikirini tisakusokonezeni. Iyang'aneni ndi galasi lokulitsa zinthu ka 8 kapena ka 10. Amene alibe galasi lotere angachotse lenzi ya 50 mm pa kamera, n'kuitsegula yonse, n'kusuzumiramo. Imakulitsa pafupifupi ka 5, ndipo poyambira zimenezo n'zokwanira.

Sankhani pamene pali mzere woonekeratu: mphepete mwa zenera, chilembo, nsidze, waya. Mukaona kuti mzere uliwonse watuluka pawiri, kapena wakokekera mbali imodzi, ndipo zili choncho pachithunzi chonse, ndiye kuti kamera inagwedera. Mukaona kuti maso a munthu ndi achimbuuzi koma khutu lake kapena khoma la kumbuyo kwake likuoneka ngwee, fokasi inagwera pena. Ngati pa negetivu nsidze zikuwerengeka imodziimodzi koma pa kompyuta zaphatikana, filimu ndi mankhwala zilibe mlandu, pitani ku sikana. Za katsukidwe tizikamba pokhapokha mutapeza kuti kamera sinagwedere, fokasi ili m'malo mwake, koma negetivu ndi yoda kwambiri, timibulu ta siliva timene timapanga chithunzi taunjikana, ndipo mphepete mwa zinthu simunadulike bwino.

Musaiwalenso kuti katsukidwe kamakhudza filimu yonse limodzi. Ngati pa filimu ya zithunzi 36 pali zingapo zooneka bwino zedi pamene zina zonse n'zachimbuuzi, zonsezo zinalowa m'mankhwala amodzi, pa kutentha kumodzi, kwa mphindi zofanana. Mankhwala sasankha chithunzi. Zikatero bwererani ku kamera ndi manja anu.

Za mu kamera

Kugwedera ndi kumene kumaononga zithunzi zambiri kuposa china chilichonse. Lamulo lakale limati nambala ya liwiro la shutter (kachitseko kolowetsa kuwala mu kamera) isachepe kuposa nambala ya lenzi: pa lenzi ya 50 mm musatsike kupitirira 1/60 ya sekondi. Lamulolo limagwira pa zithunzi zing'onozing'ono. Chithunzi cha 35 mm pa filimu ndi cha mamilimita 24 kwa 36 basi, ndiye mukafuna kuchikulitsa mpaka kudzaza pepala lalikulu kapena sikirini yonse, kagwedero kalikonse kamakula nawo. Pa 50 mm gwiritsani ntchito 1/125 kapena 1/250 kuwala kukalola. Kukakana, tsamirani khoma kapena ikani kamera pa tripod, choimikira cha miyendo itatu.

Malenzi ambiri saonetsa mphamvu zake zonse akatsegulidwa mpaka f/1.4 kapena f/2 (nambala ya f ikachepa, bowo lolowera kuwala limakula), amachita bwino cha pa f/5.6 ndi f/8. Ena amaganiza kuti kutseka mpaka f/16 kapena f/22 ndiko kumaliza nkhani. Zoona, zinthu zapafupi ndi zapatali zimalowa mu fokasi, koma kuwala kukamadutsa pakabowo kakang'ono chotero kumamwazika, ndipo tinthu ting'onoting'ono pachithunzi chonse timafufutika pang'ono.

Makamera ambiri a filimu ndi akale. Chotsani lenzi muiunike ndi tochi kuchokera kumbuyo. Mukaona nkhungu kapena timizu ta chuku m'kati mwa magalasi, chithunzi chizituluka chotuwa ngakhale mutsuke bwanji. Fokasi nayo imasokonekera, makamaka pa makamera a rangefinder, aja oika fokasi pophatikiza zithunzi ziwiri zooneka posuzumira. Kuiyesa n'kosavuta. Gonekani rula patebulo kuloza kutsogolo, ikani kamera pa tripod, tsegulani lenzi yonse, ikani fokasi pa nambala 15, jambulani. Mukatsuka n'kupeza kuti yooneka bwino ndi 12 kapena 18, kamera ikufunika mmisiri. Palinso makamera amene mita yake yoyezera kuwala inapangidwira mabatire a mercury a mavoti 1.35. Mukaikamo a alkaline a 1.5, mita ya ambiri mwa iwo imanama, ndipo bodza lakelo limadzaonekera pa negetivu.

Zilembo za m'mphepete mwa filimu

Dzina la filimu ndi manambala amene ali m'mphepete analembedwa ndi kuwala kufakitale, kamera yanu sinawakhudze. Choncho amakuuzani za katsukidwe kokha. Zilembozo zikakhala zakuda bwino koma zithunzi zili zotuwa, munatsuka bwino, kuwala ndi kumene kunachepa pojambula. Zilembo ndi zithunzi zomwe zikakhala zotuwa, developer anafooka, kapena anazizira, kapena nthawi inachepa. Filimu ikatuluka mbee, yopanda ngakhale chilembo chimodzi, ndiye kuti fixer, mankhwala okhazikitsa chithunzi, analowa m'thanki developer asanalowe, kapena developer anali ataferatu. Ikatuluka yakuda bii mpaka m'mphepete, inaona kuwala.

Negetivu yoda kwambiri

Apa m'pamene ambiri otsuka kunyumba amaluzira. Munthu amaopa negetivu yotuwa, ndiye amangowonjezera paliponse: kuwala pang'ono pojambula kuti chisade, mphindi imodzi kapena ziwiri potsuka kuti chigwire bwino. Negetivu imatulukadi yooneka yamphamvu ukaikweza m'mwamba, koma chithunzi chake chimakhala chokhakhala ndi chosadulika.

Chimene chimachitika ndi ichi. Pa filimu pali kachigawo kopyapyala ka gelatin komwe muli timibulu tomva kuwala. Kuwala kukachuluka mopitirira sikuima pamene kwagwera, kumanjanja pa timibuluto n'kufalikira m'mbali. Tiyerekeze kuti mwajambula waya wa magetsi wopingasa thambo lowala. Kuwala kwa thambo kumalowerera wayayo kuchokera mbali zonse ziwiri, ndipo pa negetivu waya uja amaonda kapena kudukaduka. Mukawonjezeranso nthawi yotsuka, siliva amakula n'kuunjikana, timibulu timaoneka tikuluikulu, ndipo malo owala monga mitambo, malaya oyera ndi chipumi cha munthu amatsekeka moti sikana imalephera kuonamo kanthu.

Negetivu yabwino imaoneka yopepuka kuposa mmene ambiri amayembekezera. Igonekeni pa tsamba la buku pamalo owala bwino. Pamene yada kwambiri muzitha kuona zilembo za m'bukulo ngakhale movutikira. Kenako yang'anani m'mithunzi, momwe pa negetivu ndi moyera: muzioneka tizinthu pang'ono, musachite kufanana ndi mphepete mwa filimu mopanda chithunzi. M'mithunzi mukakhala muli bwino koma powala patatsekeka, chepetsani nthawi yotsuka ndi 15 kapena 20 peresenti pa filimu yotsatira, kuwala kwa pojambula musakusinthe. Nthawi zimene opanga filimu amalemba ndi poyambira chabe. Amene amajambula kwambiri padzuwa lamphamvu kawirikawiri amafunika nthawi yocheperako, pamene wojambula kunja kuli mitambo angafunike kuwonjezera pang'ono.

Mbali inayo nayo ili ndi vuto lake. Kuwala kukachepa pojambula, m'mithunzi simulembeka kanthu, ndipo palibe developer amene angatulutse chimene sichinalembeke. Mukatenga filimu ya ISO 400 (nambala ya ISO ikakula, filimu imafuna kuwala kochepa) n'kuijambula ngati ya 1600, kenako n'kutalikitsa nthawi yotsuka, malo owala ndi apakati amakwera, mithunzi imakhalabe yopanda kanthu, timibulu timakula. Usiku n'zomveka kutero, koma amene akufuna chithunzi chooneka bwino mpaka ulusi wa malaya asayembekezere kuchipeza mwanjira imeneyo.

Tsopano developer

D-76, amene kampani ya Kodak inatulutsa mu 1927, ndiponso ID-11 wa Ilford amene ndi wofanana naye, ali ndi magalamu 2 a metol, 5 a hydroquinone, 2 a borax ndi magalamu 100 a sodium sulfite pa lita imodzi. Nambala yomalizayo ndi imene ikutikhudza. Sulfite akachuluka chotero amasungunula pang'ono m'mbali mwa timibulu ta siliva filimu ikutsukidwa. Timibuluto timaoneka tosalala, thambo limaoneka loyera bwino, koma mphepete mwa zinthu namonso mumasalala. Anthu ambiri amene amadandaula za chimbuuzi pa negetivu yojambulidwa bwino amakhala akutsukira D-76 wosathira madzi, ndiponso akumubweza m'botolo kuti adzamugwiritsenso ntchito.

Musanagule mankhwala ena, thirani madzi amene muli nawowo. Pa 1+1, kutanthauza gawo limodzi la developer ndi gawo limodzi la madzi, sulfite amatsika kufika magalamu 50 pa lita, ndipo pa 1+3 amafika 25. Timibulu timaonekerako pang'ono koma mizere imadulika bwino. Nthawi imatalika. Pa madigiri 20 a Celsius, Ilford imati filimu ya HP5 Plus mu ID-11 wosathira madzi itenge mphindi 7 ndi theka, pa 1+1 mphindi 13, pa 1+3 mphindi 20. FP4 Plus imatenga mphindi 8 ndi theka, 11 ndi 20 motsatana momwemo. Kodak imati Tri-X 400 mu D-76 wa 1+1 itenge mphindi 9 ndi masekondi 45. Developer wothira madzi ndi wa ulendo umodzi, mukatsukira mumataya. Ubwino wake ndi wakuti filimu iliyonse imakumana ndi mankhwala a mphamvu yofanana. Kwa ine 1+1 ndi pamene munthu ayenera kuyambira, ndipo ambiri sadzafunikanso kuchokapo.

Developer wothira madzi amathandizanso mwanjira ina, yomwe ndi yosangalatsa kuimvetsa. Taganizirani malire a khoma loyera ndi chitseko chakuda. Kumbali ya khoma kuli ntchito yambiri, developer amatha mphamvu msanga ndipo amasiya bromide, yemwe amachedwetsa katsukidwe. Kumbali ya chitseko ntchito ndi yochepa, developer akadali ndi mphamvu. Pamalire penipeni, developer wamphamvu uja amawolokera ku khoma n'kudetsa kamzere kopyapyala pa negetivu, pamene bromide amawolokera ku chitseko n'kusiya kamzere koyererako. Timizere tiwiriti simungatione paokha, koma diso limati chitsekocho chadulika bwino. Izi zimachitika kwambiri developer akakhala wopanda mphamvu zambiri ndiponso akamapatsidwa mpata wokhala bata.

Ndi chifukwa chake Rodinal ali ndi mbiri yotere. Ndi developer wa Agfa wa m'chaka cha 1891, ndipo akugulitsidwabe mpaka pano, ena pa dzina la R09. Amathiridwa madzi ambiri, 1+25 kapena 1+50, moti sulfite wotsalamo ndi wochepa kwambiri ndipo siliva sasungunuka. Mizere imatuluka yodulika, koma timibulu timaonekanso poyera. Pa filimu ya ISO 100 kapena 125, kapena pa filimu yaikulu ya 120, zotsatira zake zimakongola. Pa filimu ya 35 mm ya ISO 400 timibulu timatha kukula mpaka kuphimba tinthu tomwe mumafuna kuona. Rodinal saonjezera kanthu kamene lenzi sinalembe. Xtol, wa mu 1996, ali pakatikati: timibulu tating'ono, mizere yabwino, mithunzi yotseguka. Vuto lake ndi lakuti akafa sasintha mtundu, choncho musanatsukire filimu yofunika viikanimo kachidutswa ka kumapeto kwa filimu poyera, muone ngati kada.

Pothira madzi samalani kuti mankhwala enieniwo asachepe. Thanki ya Paterson imafuna mamililita 290 pa filimu imodzi ya 35 mm ndi 500 pa ya 120, koma kumiza filimu ndi kukwanira kwa mankhwala ndi nkhani ziwiri. Kodak imati filimu imodzi ya zithunzi 36 imafuna mamililita 473 a D-76 wa 1+1, ndipo mukatsukira theka la mlingo umenewo muwonjezere nthawi ndi 10 peresenti. Pa Xtol imati mamililita 100 a mankhwala osathira madzi asachepe pa filimu iliyonse. Pa 1+3 ndiye bwino kutenga thanki ya mafilimu awiri, kuikamo filimu imodzi pansi ndi reel (chokulungira filimu m'thanki) yopanda kanthu pamwamba, n'kudzaza. D-76 wosakaniza kale amakhala miyezi 6 m'botolo lodzaza ndi lotseka bwino, koma miyezi 2 yokha m'botolo latheka, chifukwa mpweya umamudya. Mugawireni m'timabotolo ting'onoting'ono todzaza mpaka pakamwa, mulembepo tsiku.

Filimu nayonso ili ndi malire ake. Pan F Plus ya ISO 50, Delta 100 ndi T-Max 100 zimasunga tinthu ting'onoting'ono kuposa HP5 Plus kapena Tri-X. Koma filimu yofuna kuwala kwambiri imakukakamizani kutsitsa liwiro la shutter, ndipo mukaijambula pamanja madzulo mudzataya zambiri kuposa zimene mwapindula.

Kutembenuza thanki

Thanki imazondotsedwa modekha, osati kuikhutchumula ngati botolo la mankhwala a chifuwa. Njira ya Ilford ndi yosavuta kuisunga: mukathira developer zondotsani thanki ka 4 m'masekondi 10 oyamba, kenako ka 4 kumayambiriro kwa mphindi iliyonse. Kodak imakonda kutembenuza masekondi 30 alionse. Zonse zimagwira, koma sankhani imodzi muikakamire, chifukwa mukasintha katembenuzidwe mwasinthanso kadedwe ka negetivu ngakhale nthawi ikhale yomweyo. Mukamaliza kutembenuza, gogodetsani thanki patebulo kawiri kuti timathovu ta mpweya tichoke pa filimu. Timathovuto tikakakamira timasiya timadontho tozungulira toyera pa negetivu, tomwe pachithunzi timatuluka takuda.

Mukatembenuza mwamphamvu komanso pafupipafupi, developer watsopano amafika paliponse nthawi zonse, timizere ta pamalire tija sitipeza mpata wopangika, powala pamada mopitirira, ndipo mankhwala othamanga kudutsa m'timabowo ta m'mphepete mwa filimu amasiya mikwingwirima yakuda yoyambira patimabowo. Mukachita ulesi, bromide amatsetsereka pansi pang'onopang'ono n'kusiya mikwingwirima yake, ndipo thambo limatuluka la mawangamawanga.

Pali njira imene yatchuka kwambiri: Rodinal wa 1+100, kutembenuza poyamba pokha, n'kuisiya thanki kwa ola lathunthu. Imatulutsadi mizere yodulika, nthawi zina mopitirira mpaka zinthu zakuda kuzunguliridwa ndi kamkombero kowala. Koma imabweretsanso mikwingwirima ya bromide mosayembekezereka, lero bwino mawa ayi. Munthu amene akufufuza gwero la vuto sayenera kuwonjezera chinthu china chosadalirika. Ngati mukufuna phindu la bata, tembenuzani mphindi ziwiri zilizonse m'malo mwa mphindi iliyonse, muwonjezere nthawi pang'ono.

Kutentha

Nthawi zonse zatchulidwa pamwambazi ndi za madigiri 20. Developer akatentha ndi digiri imodzi yokha amagwira ntchito mofulumirako, ndipo nthawi imayenera kutsika ndi pafupifupi 10 peresenti. Mphindi 13 za pa madigiri 20 zimafika cha m'ma 9 pa madigiri 24. Amene amatsuka pa 24 koma akuwerenga nthawi ya pa 20 amapeza negetivu yoda ija nthawi zonse, n'kumadabwa kuti walakwitsa pati poti anatsatira pepala. Yezani developer weniweniyo mutatsala pang'ono kuthira, osati madzi a pampopi, osatinso mpweya wa m'chipinda. M'nyengo yotentha imikani thanki ndi mabotolo m'beseni la madzi a madigiri 20, chifukwa m'mphindi 13 mankhwala amatenthera m'manja momwemo. Nthawi ikatsika kupitirira mphindi 5, filimu imavuta kutsukika mofanana, choncho ziziritsani developer kapena m'thireni madzi ambiri.

Stop bath (mankhwala oimitsa ntchito ya developer), fixer ndi madzi otsukuluzira zisasiyane ndi developer kupitirira madigiri 5. Gelatin wonyowa akachoka motentha n'kugwera mozizira mwadzidzidzi amatha kukwinyika, ndipo chithunzi chimadzaza timing'alu topiringizika. Mafilimu a masiku ano ndi olimba, sizichitikachitika, koma zikachitika palibe pobwerera.

Fixer wotopa

Negetivu ikamaoneka ya mkakamkaka, makamaka chapakati pa filimu, fixer sanamalize ntchito. Zotsalirazo zimamwaza kuwala kwa sikana ndipo chithunzi chimatuluka chotuwa ndi chachimbuuzi. Mwayi wake, ili ndi limodzi mwa mavuto ochepa okonzeka: bwezerani filimu mu fixer watsopano, mutsukuluzenso, muyanike.

Kuti mudziwe mphamvu ya fixer, tengani kachidutswa ka kumapeto kwa filimu kamene munadula poika pa reel, kaviikeni mu fixer poyera, muwerenge nthawi mpaka kataonekera mbali ina. Filimu yeniyeniyo ikhale mu fixer kuwirikiza kawiri nthawi imeneyo. Lembani pa botolo nthawi imene fixer watsopano anatenga, ndipo tsiku limene nthawiyo idzawirikize kawiri, fixer watha. Ilford Rapid Fixer wa 1+4 amafuna mphindi 2 mpaka 5, ndipo lita imodzi imakwanira mafilimu 24 a zithunzi 36. T-Max ndi Delta zimachedwerako ndipo zimatopetsa fixer msanga. T-Max ikatuluka yofiirira kwambiri, nthawi inachepa kapena fixer wafooka.

Mukaona chigamba chimodzi chotuwa, chosaonekera mbali ina, chokhala ndi malire oonekeratu, filimu inagundana yokhayokha pa reel ndipo mankhwala sanafikepo. Tizizindikiro tooneka ngati chikhadabo ndi pamene filimu inapindika poikakamiza. Zonse ziwirizi zimayamba ndi reel ya pulasitiki yonyowa kapena manja a thukuta. Reel iume kaye gwa.

Mankhwalawa agwireni mutavala magolovesi, chifukwa metol amayabwitsa khungu anthu ena, ndipo makapu oyezera asadzakhudzenso chakudya. Fixer wakale ali ndi siliva, musamuthire m'ngalande kapena panthaka. Musungeni m'botolo, mukam'taye motsatira malamulo a kwanuko.

Kutsukuluza ndi kuyanika

Simufunika kutsegula mpopi kwa theka la ola. Pambuyo pa fixer wosalimbitsa gelatin, dzazani thanki ndi madzi, zondotsani ka 5, tayani; dzazaninso, ka 10, tayani; kachitatu, ka 20. Madzi omaliza akhale osungunulidwa kuchokera ku nthunzi, aja opanda mchere uliwonse, muikemo Photo-Flo kapena Ilfotol, mankhwala othandiza kuti madzi asasiye madontho, pa 1+200. Mukachulutsa amasiya mafutamafuta. Filimu yonyowa musaipukute ndi zala kapena chofinyira madzi, kamchenga kamodzi kokha kamakanda filimu yonse kuchokera pamwamba mpaka pansi. Ipachikeni ndi cholemetsa kumunsi m'chipinda chopanda mphepo, monga bafa imene mwangotsegulamo madzi otentha kuti fumbi likhazikike, mutseke chitseko. Madontho a madzi akaumira kumbali yonyezimira amapukutika ndi kansalu ka magalasi mutauzirapo mpweya. Fumbi likaumira kumbali inayo lalowa mu gelatin.

Negetivu ili bwino, chithunzi ayi

Masikana a galasi lathyathyathya amalembedwa manambala akuluakulu monga 6400 dpi, koma zimene amaonadi n'zochepa kwambiri poyerekeza ndi nambalayo, ndipo pa 35 mm zimaonekeratu. Fokasi yake ili pamtunda umodzi wokha, pamwamba pang'ono pa galasi. Filimu ikapindika, pakati pamatuluka mu fokasi. Ikani manegetivu m'mapepala ake, muwapsinje ndi mabuku olemera tsiku limodzi kapena awiri musanasikane. Ngati chogwirira filimu chili ndi timiyendo tokweza ndi kutsitsa, sikanani chithunzi chimodzi pa msinkhu uliwonse, musankhe pamene timibulu ta siliva tikuoneka bwino. Timibulu tikaoneka, sikana yafika pa filimu. Tikapanda kuoneka pa filimu ya ISO 400, sinafike.

Zimitsani Digital ICE ndi zina zonse zochotsa fumbi pogwiritsa ntchito kuwala kwa infrared. Kuwalako sikudutsa siliva, ndiye pulogalamu imaona chithunzi chenichenicho ngati fumbi n'kuyamba kuchifufuta. Zimitsaninso zosalaza timibulu. Kusikana kulikonse kumafewetsa chithunzi pang'ono, choncho kuchibwezeretsa pang'ono pa kompyuta ndi unsharp mask n'koyenera, bola musafike poonetsa mikombero yoyera. Ojambula negetivu ndi kamera ya digito ndi lenzi ya macro (yojambulira pafupi kwambiri) aonetsetse kuti kamera ndi filimu zayang'anizana ndendende: gonekani kalilole pamalo a filimu, musunthe kamera mpaka lenzi ioneke pakati penipeni pa chithunzi. Pa enlarger, ikani fokasi pa timibulu lenzi ili yotsegula, kenako itsekeni masitepe awiri a nambala ya f, ndipo pepala likamalandira kuwala musagunde tebulo.

Filimu imodzi yoyesera

Ngati mwadutsa zonsezi koma mukukayikabe, perekani filimu imodzi kuti ithetse nkhani. Sankhani malo okhala ndi tinthu tambiri ting'onoting'ono, mthunzi wakuda ndi chinthu choyera, monga khoma la njerwa lokhala ndi chitseko chotsegula ndi nsalu yoyera yopachika. Ikani kamera pa tripod, lenzi pa f/8, mugwiritse ntchito self-timer kuti chala chisagwedeze kanthu. Jambulani chithunzi chomwecho, pa kuwala komweko, mpaka filimu ithe. Mumdima iduleni patatu, zidutswa ziwiri muzisunge m'chotengera chosalowa kuwala.

Chidutswa choyamba chitsukeni mmene mumatsukira nthawi zonse. Chachiwiri musinthe chinthu chimodzi chokha, mwachitsanzo developer yemweyo pa 1+1 ndi nthawi yake. Chachitatu chitsukeni ngati chachiwiri koma nthawi itsike ndi 20 peresenti. Lembani m'kope filimu, developer, mlingo wa madzi, kutentha, mphindi ndi katembenuzidwe. Zikauma ziikeni pamodzi pansi pa galasi lokulitsa, muyang'ane njerwa yomweyo pa zonse zitatu, kenako ulusi wa nsalu, kenako za m'kati mwa chitseko. Ngati ngakhale choyamba chija chatuluka bwino kuposa zithunzi zanu za masiku onse, vuto linali manja ndi liwiro la shutter. Ngati chachiwiri kapena chachitatu chaposa zinzake, katsukidwe kameneko kakhale kanu pa filimu ya mtundu umenewo. Zonse zitatu zikakhala zachimbuuzi mofanana, bwerekani lenzi ina kapena kamera ina mubwerezenso, ndipo yanuyo ipite kwa mmisiri.